Mmene Ndinathamangitsira a Daka

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinalowerera m'mabuku a nkhani zachikondi zamakedzana. Ndinkawabwereka ku laibulale, pafupi ndi kwathu ku Highfields, kutsidya kwa nyanja, kumene tinkakhala awiri, ine ndi amayi. M'mabukumo munkakhala atsikana a m'mabanja olemera, ovala madiresi okhwekhwereza pansi, amene mtima wawo unkagwera mnyamata wosamalira akavalo kapena msilikali wosauka. Nthawi zonse pankapezeka wina wowalekanitsa, kaya bambo woopa manyazi, kaya azakhali ouma mtima. Anthu otero ndinkadana nawo koopsa, moti ndikafika pamene awiriwo akutsanzikana ndinkalira mpaka tsamba kunyowa.

Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi anali nesi, munthu wa mawu ochepa, wa yunifolomu yosita bwino, wokhala benchi yachiwiri kutchalitchi ndiponso wotsogolera mapemphero a amayi. Zaka zonsezo sindinawamvepo akuseka mokweza, mpaka pamene anabwera a Daka.

A Daka anali a ku Zambia, ndipo ankayendetsa basi imene amayi ankakwera popita kuntchito. Tsiku lina anawamva amayi akulankhula Chichewa pafoni, basi n'kufuula anthu onse akumva: "Imwe, kansi ndimwe a kwathu!" Amayi akuti anachita manyazi mpaka anatsikira pa siteji yolakwika. Bamboyo anali waphokoso, wa malaya owala, kutchalitchi sankapondako, ndipo mkazi wake anali atamusiya. Patapita miyezi anayamba kubwera Loweruka masana atanyamula kapenta ndi tomato, n'kumaphika yekha uku akuimba. Ine ankanditchula kuti Profesa chifukwa cha mabuku anga. Poyamba amayi ankaseka atagwira pakamwa. Kenako anasiya kugwira pakamwa.

A Daka sanandilakwire chilichonse. Koma ankakhala pa mpando wa bambo, ndipo jekete lawo ankalikoleka pa msomali umene bambo ankakolekapo lawo. Loweruka lina ndikuchokera ku laibulale ndinawapeza m'khitchini akuvina, wailesi ikulira, amayi alibe nsapato. Nkhope yawo inali yoti sindinaionepo, ndipo ndinamva ngati andibera munthu. Ndinakwera kuchipinda mwakachetechete n'kuimbira foni azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene ankakhala ku Braunstone. Ndinawauza zonse. Nditaona kuti sakudabwa mokwanira, ndinawonjezera kuti a Daka amagona kwathu. Linali bodza.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi, azakhali anafika ndi amayi awiri akuluakulu a mumpingo. Kunja kunkawaza kamvula, makhoti awo ankanunkha chinyezi, ndipo tiyi amene amayi anawathirira anazizira osamwedwa.

"Mlamu," anatero azakhali, "kwathu ku Mzimba mkazi wolowoledwa ndi wa pakhomo mpaka kufa. Mukanafuna kukwatiwa, mukanabwera tikhale pansi. Koma mwamuna wosapemphera, wothawidwa ndi mkazi, azigona m'nyumba ya mlongo wanga, mwana akuona?"

"Sanagonepo muno," anayankha amayi motsitsa mawu.

"Ndiye mukuti mwanayu ndi wabodza? Tadala, tabwera kuno. Zimene unandiuza dzulo zija n'zoona?"

Ndinaima pakhomo la pabalaza. Amayi anandiyang'ana, osati mwaukali, koma ngati munthu amene akudikira kuti umutsegulire chitseko. Ndinayang'ana pansi n'kuvomera m'Chingerezi, chifukwa m'Chichewa mawuwo sakanatuluka.

Kenako amayi anapinda manja pamiyendo n'kunena kuti, "Ndamva. Sabweranso."

Loweruka lotsatira a Daka anafika ndi jumbo yawo monga mwa masiku onse. Amayi anawalankhula ali pakhomo, osawalowetsa. Sindinamve zimene ananena, koma ndinaona bambo waphokoso uja akungosinthasintha jumbo kuchoka dzanja ili kupita linalo. Atandiona pa masitepe anayesa kumwetulira. "Profesa, uzibasamala amai bako," anatero, n'kutembenuka.

Amayi anasiya kukwera basi ija, ankayamba ayenda mtunda kukakwera ina. Kutchalitchi anawapumitsa kutsogolera mapemphero, ndipo anasamukira benchi yakumbuyo. Azimayi amene kale ankawathamangira ndi moni anayamba kuwapatsa moni wa m'mphepete. Ine ndinkadikira chilango. Ndinkafuna andikalipire, andilande mabuku, andimenye kumene. Koma ankandiphikira, kundisitira yunifolomu ya kusukulu, kundifunsa za mayeso, ngati palibe chachitika. M'nyumba munabwerera bata limene linalimo a Daka asanabwere, ndipo pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti silinali bata, chinali chisoni. Buku lotsatira limene ndinabwereka ndinalekezera pakati. Nditafika pamene wachibale wina akukaneneza mtsikana kwa makolo, ndinalitseka, chifukwa munthu ameneyo ndinkamudziwa.

Tinamva pambuyo pake kuti a Daka anasamukira ku Nottingham, ndipo patapita zaka anakwatira. Amayi sanakwatiwenso.

Zinanditengera zaka khumi ndi zisanu kuti nditsegule pakamwa. Amayi anali atasamukira ku Wigston, ndipo tsiku limenelo tinkasenda mbatata m'khitchini. Ndinawauza kuti ndinanama dala, ndipo ndinawafunsa chifukwa chake sananditsutse.

"Ndikanakutsutsa, ukanakhala mwana wabodza pamaso pa abale a bambo ako moyo wako wonse," anatero osasiya kusenda. "Ndiwo abale okhawo amene unali nawo kuno. Ine ndinali wamkulu, manyazi ndikanatha kuwasenza."

"Koma munkawakonda?"

Anasiya kusenda, mpeni uli m'manja.

"Ankandiseketsa," anatero. "Tandipatsa mphika uwo."

Chaka chino ndakwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, zaka zimene amayi anali nazo nthawi imeneyo. Ndili mwana ndinkawaona ngati nkhalamba imene moyo wake unatha kale, imene ntchito yake inali kukhala amayi anga basi. Tsopano ndikudziwa kuti anali mkazi wamng'ono, wotopa, wosungulumwa m'dziko la eni, amene anapeza munthu mmodzi womukumbutsa kuti akadali moyo. Mwambo wa azakhali ndi miseche ya kutchalitchi akanatha kulimbana nazo, pakuti amayi si munthu wamantha. Chimene sakanatha ndi kulimbana ndi mwana wawo. Anandikhululukira kalekale, ndisanapemphe n'komwe, koma kukhululuka sikubweza zaka. Lamlungu lililonse ndikawachezera, ndikamachoka amaima pawindo n'kumandibayibitsa, ndipo kumbuyo kwawo m'nyumbamo simukhala munthu wina aliyense.