Wailesi ya Mkamwini

"Gwira pansi, iwe! Ukaligwetsa undidziwa."

Anali atsibweni a Gidiyoni, mlongo wa amayi, akundikalipira pakhomo pathu penipeni. Wailesi ya atate anali ataipanira m'khwapa ngati nkhuku yogula. Ine anandisenzetsa batire. Linali lolemera ngati njerwa ziwiri, ndipo linkanunkha phula ndi pepala lakale. Atate anaima pakhonde manja ali kumbuyo, akuyang'ana mlongoti wansungwi umene anaimika okha kuseri kwa nyumba. Anali mkamwini, ndipo pamudzi pathu mkamwini sankayankha mwini mbumba.

Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala kwawo kwa amayi, chakumwera kwa Sinda. Atate anali atangobwera kuchokera kumigodi, kumene anatha zaka zinayi. Pochoka anandisiya ndili wamng'ono, moti nkhope yawo ndinali nditaiwala. Anabwera ndi njinga, mabulangete awiri, diresi la amayi, ndi wailesiyo. Anthu ankaitcha wailesi ya poto, chifukwa inalidi ngati poto wogoneka chammbali, wopakidwa utoto wabuluu. Kumaso kwake kunali kasefa kotulukira mawu ndi zopotokola ziwiri. M'midzi yonse yozungulira munalibe ina.

Masabata oyamba anali abwino. Tinali titakolola, nsawa zili mbwee pabwalo, mphepo yachisanu ikuuluza makoko a chimanga. Dzuwa likapendeka atate ankayala chiguduli pakhonde n'kuikapo wailesi. Waya wina unkakwera kumlongoti, wina unkapita ku chitsulo chokhomera pansi. Ntchito yanga inali kuthira madzi pachitsulopo kuti mawu amveke bwino. Ikatsegulidwa inkayamba yapuma ngati munthu wachifuwa, kenako munthu wa ku Lusaka ankayankhula Chinyanja ngati wakhala nafe pamphasa. Tinkamvera nkhani, moni wa anthu akumigodi kwa abale awo, ndi nyimbo ziwiri zagitala. Zikatha zimenezo atate ankatseka. Batire linali limodzi, ndipo lina linali kusitolo ya Mmwenye ku Katete, lokwera mtengo.

Nthawi zina ankandilola kupotokola. Ankaika dzanja lawo pamwamba pa langa, lokhakhala, chala chimodzi chopanda chikhadabo. "Pang'onopang'ono, Yotamu. Si mpini uwo." Sanali munthu wa mawu ambiri. Ndinawadziwira pamenepo, pakhonde, dzanja lawo lili pa langa. Ndipo ndinayamba kuopa chinthu chimodzi chokha: kuti apitanso n'kundisiya. Ndinali nditawamva akuuza amayi kuseri kwa nkhokwe kuti, "Akanditopetsa ndibwerera."

Amene ankawatopetsa anali atsibweni. Iwo anali oimba ng'oma otchuka, a mawu aakulu, ndipo anazolowera kuti anthu azisonkhana pakhomo pawo. Tsopano anthu ankadutsa pakhomo pawopo ndi timipando m'manja, kupita kukakhala kwa mkamwini. Zinawawawa. Anati si ulemu kuti mudzi uzisonkhana kwa munthu wobwera, mwini wake alipo. Ndilo tsiku lija anabwera kudzainyamula, ine n'kundisenzetsa batire. M'mawa mwake anatumanso atate kuti akadule nsungwi ina, awaimikire mlongoti wawo. Atate anakadula.

Kuyambira pamenepo wailesi inkagona kwathu koma inkagwira ntchito kwa atsibweni. Tsiku lililonse ndinkasenza batire kupita, n'kusenzanso kubwera, khosi likuwawa. Iwo sankadziwa kutseka. Ankaisiya ilire kuyambira pamene a ku Lusaka atsegulira mpaka atatsazika. Ikayankhula Chibemba ankamvera. Ikayankhula Chilozi ankamvera. Ikayankhula Chingerezi ankagwedeza mutu n'kumati, "Eya, eya," pomwe sanapondeko m'kalasi. Atate ankakhala kumbuyo kwa anthu, pachitsa, ngati mlendo. Masana ankawalukira atsibweni nkhokwe, madzulo ankaonerera batire lawo likutha. Dzanja langa silinakhudzenso chopotokola.

Mawu anayamba kuchepa. Anthu ankasendeza timipando kufupi, ena kupendeketsa khutu. Atate anayesa kunena mwaulemu, atavula chipewa.

"Alamu, bwanji tiipumitseko masiku awiri kapena atatu?"

"Tiipumitse? Kodi imalima kuti itope?"

Anthu anaseka, ena mpaka kugwira m'mimba. Atate anavala chipewa chawo n'kubwerera pachitsa. Ine ndinaluma mlomo mpaka kulawa magazi.

Kenako atsibweni anafulula mowa. Anaitana anzawo a kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi, amene anali asanaonepo wailesi. Anali atawauza kale kuti iwo ali ndi poto woyankhula. Tsikulo atsibweni anatuma atate kuphiri kukadula mitengo ya denga la khola. Alendo anafika masana, anthu asanu ndi mmodzi, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anawakhazika pamipando yabwino, chipanda chikuzungulira. Pabwalo pankanunkha masese ndi utsi wa moto umene amayi ankaphikirapo nyemba za alendo. Ine ndinalumikiza mawaya monga mwa masiku onse.

Atsibweni anapotokola. Panamveka kamawu kakang'ono, ngati munthu akuyankhulira m'chitsime. Kanayankhula pang'ono, kanazilala, kenako zii. Anapotokola uku ndi uku. Anaimenya pamsana. Zii.

Mlendo wina wa mano otalikirana anati, "Achimwene, kodi munthu wanu wa m'potoyu mwamupatsa chakudya lero?"

Anzake anaseka, mowa kutuluka m'mphuno. Nkhope ya atsibweni inachita mdima. Anagwira batire, analigogoda ndi zala, n'kunena kuti, "Lazizidwa ili. Ng'oma ikazizidwa timaiwamba. Chimodzimodzi." Anazula mawaya, analinyamula, n'kukaliimika pafupi ndi mafuwa, pamene moto unali kulilima.

Ndinati, "Atsibweni, atate anati lisayandikire moto."

"Atate ako ndi ndani pamudzi pano?"

Anandikankha ndi chigongono ndipo ndinagwera m'makoko a nsawa. Iwo anagwada pamoto paja monga ankachitira ndi mbalule yawo gule asanayambe. Ankalitembenuza, kuligogoda, kutchera khutu, kulisendezanso kufupi. Phula la pamwamba linayamba kunyezimira, kenako kuchita thovu. Linayenderera m'mbali, lakuda bii. Pepala linapsa m'ngodya ndipo utsi wowawa m'maso unakwera. Alendo anasiya kuseka.

Ndinathamanga. Atate ndinakumana nawo kudambo, mitengo ili paphewa. Sindinathe kufotokoza bwino, ndinangoti, "Batire, pamoto." Anaponya mitengo pansi. Ndinali ndisanawaonepo akuthamanga, koma tsikulo anandisiya kumbuyo. Pofika ine, anali atalitulutsa kale pamoto ndi manja awo. Phula lotentha linawamata m'zikhatho. Analiika pansi, analiyang'ana, kenako anayang'ana atsibweni.

"Alamu, ndinu chitsiru."

Mayi wina anagwira pakamwa. Atsibweni anati, "Mwati chiyani, mkamwini?"

"Chitsiru. Mwamva."

Atate anatola wailesi ndi mikono, chifukwa zikhatho sizikanatha, n'kumapita kunyumba.

Patapita sabata ankhoswe anakhala pansi. Mkulu wawo wa atate anabwera kuchokera kwawo, cha ku Vubwi, atayenda masiku awiri. Ana sitinkaloledwa, koma ine ndinabisala kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo ndinamva zonse. Anakamba za mawu aja. Anakamba za alendo, za ulemu, za munthu wodya m'munda wa eni n'kumatukwana eni akewo. Za batire panalibe ndi mmodzi yemwe anatchula. Za nkhokwe imene atate analuka, za denga la khola, za mlongoti, panalibe. Chigamulo chinali chakuti atate apereke mbuzi, agwade pamaso pa atsibweni anthu akuona, apepese. Akakana, azipita kwawo.

Amayi anakhala pamphasa ataweramitsa mutu, akusolola ulusi wa chitenje. Mbali ina kunali mlongo wawo, amene akanawasunga mpaka imfa. Mbali ina kunali mwamuna wawo. Sanadzutse mutu. Mkulu wa atate ananong'ona nawo nthawi yaitali, akuwagwira paphewa. Atate anamvetsera, manja okulungidwa m'nsanza za mafuta a nsatsi ali pamawondo. Kenako anati, "Sindigwada." Nkhani inathera pomwepo.

Ine ndinali nditaganiza kale zochita. Ndinakulunga malaya anga ena, sileti ndi supuni m'kansalu, n'kubisa m'denga la nkhokwe. Njinga inali ndi kaliyala kumbuyo, ndipo ndinali nditakwerapo kawiri popita kutchalitchi. Ndinkadziwa kuti ndimakwanapo.

Atate anachoka m'mawa, mame asanaume. Amayi sanatuluke m'nyumba. Atsibweni anabwera ndi kampando kawo n'kukhala poteropo, akutafuna mswachi, kuti aone zimene zichoke. Atate anatulutsa bulangete limodzi, nkhwangwa, ndi chikwama cha zovala, n'kupachika kutsogolo. Kenako anatulutsa wailesi. Anaiika pakaliyala. Anayamba kuimanga ndi luzi, akukoka ndi mano chifukwa manja ankawawa. Ine ndinaima pambali pa gudumu, kaphukusi kanga kali m'manja.

"Atate, nanga ine ndikhala pati?"

Anayang'ana kaphukusiko, kenako anayang'ana kwa atsibweni.

Atsibweni analavula. "Katundu wanu ndi ameneyo, mwamanga kale. Mwanayo ngwa pano."

Atate anaweramanso n'kupitiriza kumanga. Anazunguliza luzi kachitatu, kachinayi, pa chinthu chakufa chimene sichikanayankhulanso popanda batire. Ndinawerenga mfundo zonse. Zinali zisanu.

Sindinawaonenso. Anamwalira kumigodi ine ndili mu Sitandade 5, ndipo uthenga unafika maliro ataikidwa kale. Zaka zambiri ndinkauza anthu kuti atate anga anali ndi malo amodzi panjinga, ndipo anapereka malowo kwa poto. Lero ndikudziwa kuti akanandikweza sakanafika nane ngakhale pamtsinje. Anyamata a pamudzi akanawathamangira, kunditsitsa, ndipo ukanakhala mlandu wakuba mwana wa eni. Pa zonse zimene ankakonda pamudzipo, wailesi yokha ndi imene analoledwa kutenga. Ndikudziwa zimenezo, koma mkwiyo sunathe. Wangogawikana. Wina uli pa atsibweni, wina pa ankhoswe aja, wina udakali pa atate, chifukwa mbuzi inalipo m'khola ndipo mawondo anali nawo. Wotsala uli pa ine.

M'mawa uja, atate atamaliza kumanga anaongoka. Anatambasula dzanja lokulungidwa m'nsanza lija.

"Yotamu. Bwera kuno, mwana wanga."

Ndinaliyang'ana dzanjalo. Ndinaika kaphukusi kanga pansi, pafupi ndi gudumu. Ndinatembenuka, n'kudutsa pakati pa nkhokwe ndi khola, kulowera njira ya kudambo. Anaitana kachiwiri. Sindinacheuke.