Sindinasambe

Ndinali ndi zaka khumi pamene amayi ananditenga ku Oadby, m'dziko la azungu lomwe tinkakhala, kunyumba ya Winifred, nkhalamba yachizungu imene ankaisamalira. Sukulu inali itatsekera, ndipo kwathu ku Evington kunalibe wondisiyira. M'basi anandichenjeza kuti ndikatseke pakamwa, chifukwa viza yathu inkadalira ntchito imeneyo.

Nyumbayo inkanunkha paudala ndi mphaka. Khoma lonse linali zithunzi za mwiniwake ali mtsikana: apa ali pa siteji, apo ali m'mafilimu akale aja opanda mtundu. Inayamba zisudzo isanakwane zaka makumi awiri, ndipo inkawakumbutsa amayi zimenezi tsiku lililonse, uku ikuwaitana ndi belu. Dzina lawo sinkalidziwa.

Itamva kuti ndine Mmalawi inasangalala. Inati inajambulapo filimu ku Africa, ndipo bambo wina wa ku Nyasaland amene ankainyamulira zikwama anaiphunzitsa mawu otsanzikira, omwe inayankhula m'filimumo ikulira. Inadzutsa mutu pa pilo, dzanja pamtima, n'kunena mwachisoni: "Ndikununkha, sindinasambe."

Ndinaseka mpaka misozi. Kenako ndinaimasulira m'Chingerezi, liwu ndi liwu. Nkhope yake inafiira, ndipo dzanja linayamba kufufuza foni kuti iimbire kampani imene inalemba amayi ntchito.

Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Anagwada pambali pa bedi, n'kuiuza kuti mwanayu wakulira kuno, Chichewa sachidziwa. Anati mawuwo ndi akale, amatanthauza kuti mtima wanga watsala kuno. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Nkhalambayo inasiya foni, inawabwereza mawuwo kawiri, amayi n'kuiombera m'manja. Kenako anainyamula kukaisambitsa.

Pa siteji ya basi anandipotokola khutu. "Iwe ukuganiza kuti ine sindimva? Chaka chonse wakhala akundiuza zimenezo, ndipo womusambitsa ndine. Choonadi chakocho chikanatikweza ndege."

Winifred atamwalira, nyuzipepala inalemba kuti anali katswiri. Ine ndinadzayamba maphunziro a zisudzo ku koleji, n'kuwasiya pakati. Mphunzitsi ankati sindidziwa kunamizira. Sananame. Ankafuna ndilire pa siteji kuti anthu asangalale, pomwe ine ndikudziwa chimene chimaliritsa munthu misozi yabodza. Katswiri weniweni ndinamuona atagwada pa kapeti ya mphaka ku Oadby, ndipo palibe anamuombera m'manja. Bambo wa zikwama uja yekha ndi amene ndimamupatsa ulemu m'filimu imeneyo.