Chaka Chimene Ndinasiya Kuyankhula

Bambo anga ankasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Area 10, ndipo ife tinkakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumbayo. Ndinakulira pansi pa mitengo ya mapeyala, kumalo kwa zii kumene galimoto ikamabwera unkaimvera patali. Bambo anamwalira ndili Sitandade 6. Eni nyumba anatilola kukhala mpaka mwezi uthe. Sanatichitire nkhanza ayi. Ankafuna wantchito wina, ndipo wantchito winayo ankafunanso pogona.

Ine ndi amayi tinasamukira ku Old Town, m'chipinda chimodzi cha lendi kufupi ndi Area 1. Amayi anapeza kamalo pa Msika wa Lilongwe n'kuyamba kugulitsa tomato ndi masamba. Ankalawirira kukapikula, n'kubwera madzulo miyendo itatupa.

Kusukulu yatsopano tinalipo ambiri m'kalasi, ena mpaka kukhala pansi patsinde pa bolodi. Ine ndinadzisankhira pakona kumbuyo. Sindinachite kukonza kuti ndisiye kuyankhula. Mawu ankangofika pakhosi n'kubwerera. Aphunzitsi akamaitana mayina ndinkangokweza dzanja. Kunyumba ndinkayankha "eya" ndi "ayi" basi, ndipo amayi, ndi kutopa kwawo komanso chisoni chawo, sanazindikire msanga.

Sukuluyo inali yosowa zambiri, koma inali ndi kachitidwe kake. M'mawa uliwonse tinkamwa phala, aliyense ndi kapu yake, ndipo wopanda kapu ankabwerekedwa osafunsidwa chifukwa. Ana a Sitandade 8 ankaima pamsewu kuwolotsa ang'onoang'ono pakati pa maminibasi. Kuseri kwa ofesi ya ahedi kunali chipinda chimene tonse tinkangoti "kwa amayi". Amayi a m'deralo ankasinthana kukhalamo, ena ogulitsa pamsika, ena ogwira ntchito m'nyumba za anthu. Munali mphasa, ndowa, sopo, makina osokera opalasa ndi phazi, ndi mayunifomu akale ochapidwa bwino atayanikidwa pachingwe. Mtsikana akayamba kusamba mwadzidzidzi ali m'kalasi ankathamangira kumeneko. Wodwala mutu ankakagona kumeneko. Ngakhale anyamata omenyana ankayamba akhala kaye pamphasapo mtima utsike asanakaonekere kwa ahedi. Ndinadzamva nditakula kuti Lachisanu lililonse aphunzitsi ndi amayiwo ankakhala pansi kukambirana za ana: uyu akujomba, uyu akuwodzera m'kalasi, uyu wayamba kuwonda. Dzina langa liyenera kuti linatchulidwa pamenepo.

Tsiku lina pa buleki, madamu amene ankatiphunzitsa anandikodola.

"Mwanangu, kwa amayi akufuna wowathandiza. Bowo la singano sakuliona bwino. Ukamwa phala uzipita kumeneko."

Ndinapeza mayi wamfupi, wa thupi, wotsimphina pang'ono chifukwa cha bondo. Kwawo kunali kumudzi wina wa m'boma la Lilongwe momwemo, ndipo masiku ena ankachapa ndi kusita panyumba ina ku Area 3. Sanandifunse dzina, sanandifunse kuti ndavutika chiyani. Anangondipatsa singano ndi ulusi n'kundilozera pamphasa. Ankayankhula okha, osatopa. Ankanena za bondo lawo, za nkhuku yawo imene inkakaikira mazira kwa aneba, za mayi wina wa m'kwaya ya kutchalitchi amene ankayamba nyimbo pamwamba kwambiri mpaka onse kukanika. Akafika poseketsa ankaseka okha, misozi mpaka kutuluka, ine ndili duu. Sanali kudikira yankho, ndipo n'chifukwa chake ndinkapitako ndi mtima wonse. Teremu imeneyo inatha ndikungolowetsa ulusi ndi kupinda zosokedwa.

Teremu yotsatira ahedi anatsegula dimba kuseri kwa khitchini, kalasi iliyonse ndi bedi lake. Mayi aja anabwera ndi mbande za mpiru m'pepala la pulasitiki.

"Zosoka ndiye zanga, mwanangu, koma mbande zimandifera m'manja. Tiye ukandinyamulire ndowa."

Linali dzuwa la masana, lowotcha pamutu. Anagwada movutikira, n'kuyamba kuboola dothi louma ndi chala. Ndinawayang'ana akuika mbande yoyamba, yachiwiri, masamba akufota ndikuona. Kenaka ndinamva mawu anga, osasa ngati a munthu wina.

"Bambo ankawokera madzulo. Ankayamba athirira kaye."

Sanatembenuke. Dzanja lawo linaima pang'ono pokha.

"Oo? Akathirira ankatani?"

Ndinawauza kuti ankaphimba ndi udzu, kuti ankandilola kugwira paipi, kuti ankayankhula ndi maluwa ngati akuyankhula ndi ana. Ndinawauza za tsiku limene anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala akuti akupumako, osadzukanso bwino kuyambira pamenepo. Ndisanamalize ndinayamba kulira, kulira kumene sindinalire pamaliro pomwe, chifukwa nthawi imeneyo aliyense ankandiuza kuti ndilimbe mtima poti amayi atsala ndi ine ndekha. Mayi aja anakhala pansi pafumbi pomwepo, nandigoneka pamiyendo pawo. Belu linalira, anzanga analowa m'kalasi, ndipo palibe amene anabwera kudzanditenga.

Loweruka lake mayi aja anabwera kumsika. Ndinali pabenchi ndikusanja tomato pamene ndinawaona akudutsa pakati pa anthu, akutsimphina. Anapatsana moni ndi amayi, nakhala pakireti.

"Asisi, sindinabwere ndi mlandu. Mwana wathuyu ali ndi maliro amene sanalire. Mwina nanunso."

Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Ogula anabwera n'kubwerera, mpaka mayi wa benchi loyandikana anayamba kutigulitsira.

Kuyambira pamenepo dzina la bambo linabwerera m'nyumba mwathu. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi tinakwera minibasi mpaka ku Area 10, tikangoona mpanda umene bambo anabzalapo maluwa. Anali atakula mpaka kugwera kunja. Mlonda wa panyumbapo anatizindikira. Sakanatha kutilowetsa, koma anapita kuseri n'kubwera ndi mapeyala m'chipewa chake. Tinawasunga mpaka kupsa, ndipo tinadya pang'onopang'ono.

M'kalasi ndinasamuka pakona paja. Ndinakhoza mayeso a Sitandade 8, ndinapita kusekondale, ndipo lero ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku City Centre, kumene tsiku lonse limathera pa kuyankhula ndi anthu. Tsiku lotsekera sukulu pomaliza Sitandade 8 mayi aja sanalipo, linali tsiku lawo lochapa. Ndinkaganiza kuti ndidzawaona nthawi ina iliyonse, monga mmene mwana amaganizira kuti akuluakulu amangokhala pomwe anawasiya.

Ndinabwererako kusukulu kuja patapita zaka zambiri. Chipindacho chilipobe, anachipaka utoto, muli amayi ena achichepere amene sanandidziwe. Anandilandira bwino, nandipatsa mpando, koma ine ndinapempha kukhala pansi. Pambali panga panagona kamtsikana kodwala malungo, atakafunditsa chitenje. Ndinakhala nthawi yaitali kuposa mmene mlendo amayenera kukhalira, ndikulakalaka wina atangoyamba kundiuza nkhani zopanda mutu osadikira yankho langa.

Nditafunsa za mayi aja, anati vuto la bondo litakula anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi. Wina anati ndi cha ku Mitundu, wina anati ayi, ndi njira ya ku Nathenje. Ndinafunsanso kumsika, mayankho anali omwewo. Amayi anga, amene nawonso tsopano akuyenda ndi ndodo, amati tidzapite limodzi kukawafunafuna mvula ikatha. Anatero chaka chatha, ndipo chaka chino ateronso.