Mbale ya mtovu ku dambo

Bambo anabwerera kuchokera ku Joni ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, dzanja lawo lamanja lilibe zala zitatu. Kwathu ku Kabudula anthu anazolowera amuna opunduka ndi miyala ya m'migodi, koma bambo sanalowepo mumgodi. Ankasesa ndi kunyamula mabotolo pasukulu ina yaikulu, m'chipinda chimene azungu ankaziziritsa mpweya mpaka kusanduka madzi. Botolo lina linasweka, madziwo n'kuwathira padzanja. Ankati kuzizira ndi kumene kunawawotcha, ndipo palibe anawakhulupirira.

Anali mkamwini, wokhala pamudzi pa akazi ake, ndipo mkamwini wosagwira bwino khasu sachedwa kutopetsa. Fodya wathu ankatsalira chaka chilichonse. Choipa china, pakamwa pawo sipankatseka. Anabwera ndi kachitsulo kokoka singano, amati maginito, ndi nkhani imodzi yomweyomweyo: kuti anaona ndi maso awo maginito atalenjekeka m'malere pamwamba pa mbale ya mtovu, popanda chowagwira.

"M'chitsulo muli tizinthu tonyamula magetsi," ankandiuza. "Kukatentha, kalikonse kamayenda pakokha ngati anthu pamsika wa Nsaru. Kukazizira zedi timasonkhana n'kukhala chinthu chimodzi, ndiye timawakana maginito, osawalola kulowa."

Ine ndinkaikonda nkhaniyo. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ankalavula malovu akaimva.

Chaka chachitatu, m'nyengo yozizira, mlongo wanga wakhanda anamwalira ndi chifuwa. Maliro atangotha manong'onong'o anayamba: zala zija bambo anazipereka kwa asing'anga a ku Joni, ndipo chitsulo chokoka singano osaikhudza sichingalephere kukoka mpweya wa mwana. Atsibweni anaitana ankhoswe. Bambo, m'malo motaya kachitsuloko m'chimbudzi monga akanachitira munthu wochenjera, anati aonetsa onse kuti izi ndi zakusukulu chabe. Mpaka lero ndimawakwiyira pa chimenechi. Maginitowo akanayandama, kodi amaganiza kuti anthu akanati chiyani?

Bambo anasungunula mtovu wa batire yakale ya lole, n'kuumba kambale. Anakakagoneka kudambo, kumene chisanu chimawaula masamba a nthochi. M'mawa mwake tonse tinapita, ankhoswe, atsibweni, amayi ali chifundire nsalu ya maliro. Udzu unali mbuu. Bambo anagwada, anatenga maginito ndi zala ziwiri zotsala zija, n'kuwasiya pamwamba pa mbale. Maginitowo anagwera m'mbalemo, kho! Bambo anayesa kachiwiri, kachitatu.

"Sikunazizire mokwanira," anatero bambo. "Kumeneku si kuzizira ayi."

"Ife tikuuma pano, inu mukuti sikunazizire?" anatero atsibweni. "Zakana chifukwa pali maso a anthu."

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe, usaope. Chitsulochi bambo ako ankachiika pafupi ndi mwana uja, eti?"

Ankachiika ndithu. Ankakokera misomali pamphasa kuti khandalo liseke, ndipo linkaseka. Koma za kusekako sanandifunse, inenso sindinazitchule. Ndinangoti, "Inde." Amayi anaphimba nkhope. Bambo anandiyang'ana popanda mkwiyo, zimene zinandipweteka kuposa kundimenya.

Dzuwa lisanafike pamutu, sutikesi yawo inali panja. Anatenga njira yolowera ku Namitete, ndipo ine ndinabisala kuseri kwa chigafa cha fodya, kuopa kuti akandiitana anthu adzati nanenso ndine mfiti. Sindinawaonenso. Uthenga wa imfa yawo unatipeza atayikidwa kale.

Nditakalamba, mdzukulu wanga wamkazi amene anaphunzira sayansi anandionetsa pafoni kachitsulo kakuyandama pamwamba pa mbale yofuka nthunzi yozizira. Anayamba kundifotokozera za tizinthu tosonkhana n'kukhala chimodzi. Ndinamaliza ndine mawu akewo, iye n'kudabwa kuti ndinazimva kuti.

"Agogo, mukulira chiyani?" anandifunsa.

Ndinamuuza kuti mwana uja ankaseka. Sanamve chimene ndinkanena, ndipo amene ankafunika kumva mawuwo onse anapita kalekale.