Nthochi zimene a Mackson sanadye

Kwathu kuseri kwa Limbuli, mukafunsa za a Mackson anthu amayamba ayang'anana kaye. Koma mukangoti a Ndionekaye, ngakhale amene anabadwa iwo atagona kale adzakulozerani pamene panali nyumba yawo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala uja.

Dzinali silinabwere chabe. Makolo awo anachoka kwa Apwitikizi kuthawa chibalo, nadzakhala m'mphepete mwa minda ya tiyi. Mayi awo akamasimba za mudzi umene anausiya, za mtsinje wake ndi mango ake, mwanayo ankangoti, "Ndionekaye." Anakula choncho. Chinthu ankachivomera akachiona, akachigwira, akachinunkhiza. Za kumva kwa anthu ankati ndi mphepo.

Ntchito yawo inali yocheka mkungudza paphiri, m'zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Macheka aakulu aja sagwira munthu mmodzi. Chipika amachigoneka pamwamba pa dzenje. Wina amaima pamwamba n'kumatsata mzere wa makala, mnzake amakoka ali m'dzenjemo. Wam'dzenje utuchi umamugwera kumaso ngati mvula, motero amakoka maso ali chitsinzinire, kungomvera dzanja la mnzake. A Mackson anali am'dzenje. Pamwamba pankaima a Filipo, alamu awo, mlongo wawo wa a Janeti amene a Mackson anakwatira. Matabwa a anthu awiriwa ankadziwika mpaka ku Thuchila. Anali owongoka ngati kuti anabadwa choncho.

Tsono phiri lathuli lili ndi eni ake. Akuluakulu ankati munthu ukasochera kumeneko, njala itakupana, nthawi zina umapeza chakudya atakuikira pamwala. Lamulo lake ndi limodzi: udye wekha, osaitana mnzako, osatengako. Ukaitana wina chimazimirira, ndipo mwina iwenso n'kuzimirira nacho.

Tsiku lina la chiperoni, nkhungu itakuta dera lonse la Lichenya pamwamba paphiripo, a Filipo anapita kukayang'ana mtengo wogwetsa, nasochera. Anatulukira kumsasa dzuwa litapendeka, ali chinyowere. A Mackson anali atawasungira chinangwa chootcha.

"Zikomo alamu, ndakhuta," anatero a Filipo.

"Mwakhuta chiyani? Nkhungu?"

"Nthochi. Zakupsa bwinobwino, zoyalidwa pa tsamba, pamwala."

"Nthochi kuno? Anabzala ndani, akhwangwala? Makoko ake ali kuti?"

"Ndawasiya pomwepo."

"Tiyeni ndikaone."

Anapitadi. Koma mu nkhungu miyala yonse ndi yofanana, ndipo a Filipo sanathenso kuloza kuti ndi uwu. Pobwerera a Mackson anayenda patsogolo osacheuka.

"Ndiye mwadya nokha, ine ndili m'dzenje kudya utuchi?"

"Mwambo wake ndi umenewo, alamu. Mukanakhala inu mukanandiitana?"

"Sindingaitanire munthu chinthu chimene kulibe."

Nkhaniyo inatsika phiri msanga kuposa matabwa. Pamowa chipanda choyamba chinayamba kupita kwa a Filipo. Amayi okalamba akakumana nawo panjira ankawomba m'manja mwaulemu, n'kumanong'onezana kuti eni phiri amudziwa mwana uyu. Ngakhale a Janeti, akamasenda nandolo pakhonde, ankaisimba nkhani ya achimwene awo kwa aliyense wodutsa, amuna awo ali pomwepo akunola nkhwangwa.

Pakamwa a Mackson ankatsutsa mwanzeru. Ankati njala imaonetsa munthu zinthu, ndipo chimene waona munthu mmodzi yekha sichisiyana ndi loto. Koma mumtima munali zina. Phirilo anayamba kulikwera ndi iwo. Njira zake a Filipo anaziphunzira kwa iwo. Ming'alu ya kumapazi kwawo inali ya miyala yomweyo. Ngati nthochizo kunalibe, ndiye kuti mlamu wawo ndi wabodza. Ngati zinalipo, ndiye kuti phiri linawayang'ana onse awiri n'kusankhapo mmodzi. Kulikonse kumene ankaitembenuzira, nkhaniyo inkawawa ngati ndulu.

Anayamba kachitidwe kachilendo. Nthawi yopuma masana ankanyamuka mwakachetechete, n'kumazungulira m'miyala, akusuzumira uku ndi uku. Kamba wawo wa makaka, chinangwa chouma chija, sankamudya, kuti njala iwapane bwino. Loweruka potsika ankabwera naye kunyumba ali chimangire.

"Bambo a kuno," anatero a Janeti pomasula kampangoko, "kodi makaka anga aipa, kapena mukuyembekeza kukaphikiridwa kumwambako?"

"Ndinalibe njala."

"Mulibe njala, nthiti zikuwerengeka? Amuna anzanu amachitira nsanje akazi awo. Anga akuchitira nsanje nthochi. Ine ndiye tsoka."

A Filipo nawo sankaleka kuwaseka, poyesa kuti ndi zachilamu chabe. M'mawa wina mitambo itabisa phiri lonse, anaima pabwalo manja ali m'chiuno.

"Alamu, tulukani muone! Phiri kulibe lero. Kapena lapita ku Milanje, kwa Apwitikizi, kukaona abale?"

"Phiri ndinaliponda," anayankha a Mackson ali m'nyumba. "Nthochi zanu sindinaziponde."

"Nanga msana wanu munauonapo? Koma ukamawawa mumatiuza tonse."

Anthu anaseka. A Mackson sanaseke.

Choipa chenicheni chinachitika m'dzenje. Munthu amene anakoka macheka zaka zonsezo ali chitsinzinire anayamba kutsegula maso, kuyang'ana m'mwamba ngati a Filipo akutsatadi mzere. Ankati wonama pa nthochi akhoza kunamanso pa mzere. Utuchi unawalowa, maso anafiira ngati a munthu wolira maliro. Mnzawo akamakankha iwo ankazengereza, mnzawo akamadikira iwo ankakoka. Macheka analeka kuimba nyimbo yake ija, nayamba kulira ngati nkhumba. Matabwa anatuluka opindika, mbali ina yonenepa, ina yowonda. Kapitawo anawayang'ana matabwawo, napukusa mutu, nati zikapitirira awasiyanitsa.

"Musavutike," anatero a Mackson. "Tikatha chipika chili pa dzenjechi, ine ndikukatchola tiyi. Kumeneko tsamba umaliona ndi maso ako."

A Filipo anangotola mafuta n'kumapaka macheka aja, mbali zonse, nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira.

Chipikacho chitatsala pang'ono kutha, m'mawa wina kunja kutayera, a Mackson anatenga chidebe kukatunga madzi kukamtsinje ka kumunsi kwa msasa. Tsikulo sankafunafuna kanthu. Mtima unali utafika kale kuminda ya tiyi. Pokwera kuchokera kumadzi anadutsa pamwala wafulati umene ankaudutsa masiku onse, ndipo anaima.

Pamwalapo panali tsamba laliwisi, ndipo pa tsambapo panali nthochi zakupsa, mame akadali pamakoko.

Anatula chidebe pang'onopang'ono. Anatsinzina, natsegulanso. Zinalipo. Anagwada, nagwira imodzi ndi chala. Inali yozizira, yofewa. Anawerama nanunkhiza. Chimene chinabwera choyamba mumtima mwawo sichinali mantha. Chinali chimwemwe cha mwana amene bambo ake amutchula dzina pagulu. Kani nanenso andiona!

Lamulo ankalidziwa bwino. Dzanja linali litayamba kale kubenthula imodzi, koma analibweza. Anaganiza kuti: ndikadya, zilowa m'mimba, ndipo pofika madzulo zidzakhala mawu chabe, ngati a alamu. Mawa ine ndemwe ndidzayamba kudzifunsa ngati sindinalote. Maso anga awiriwa ndi a munthu mmodzi. Pakufunika ena. Ndipo paphiri lonselo, mwinanso padziko lonse, maso amene ankawafuna anali a munthu mmodzi yekha.

Anathamanga chokwera, akukuwa ngati nyumba yapsa.

"Alamu! Alamu, bwerani! Siyani zimenezo, bwerani!"

A Filipo anatsika ndi nkhwangwa m'manja, poyesa kuti ndi kambuku. Atafika anapeza chidebe chili pomwe anachisiya, madzi ali phee. Pamwala panalibe kanthu. Ngakhale tsamba. Kutali kumapanga anyani ankakuwa, koma anyani amakuwa tsiku lililonse.

A Mackson anapapasa mwalawo ndi zikhatho zonse ziwiri. Ananunkhiza zala zawo. Zinkanunkha mkungudza, monga mwa masiku onse.

"Zinali apa," anatero a Mackson. "Apa penipeni. Ndinazigwira."

A Filipo anayang'ana pamwala, nayang'ana alamu awo, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Munazipeza, n'kundiitana? Inu mwapenga? Simukudziwa kuti mukanatha kusowa, ine n'kukauza chiyani mlongo wanga?"

"Ndimafuna muone."

"Zinali zamtundu wanji?"

"Makumbuka."

"Zanga zinali zing'onozing'ono zija. Inu ndiye anakulemekezani, kukupatsani zazikulu."

"Musandiseke, alamu. Palibe chimene mwaona. Mukhulupirira bwanji?"

"Ine? Ndaima pamutu panu zaka zonsezi, munanamapo liti? Bodza simulitha. N'chifukwa chake pamowa anthu amakuthawani." A Filipo anakhala pansi pamwala womwewo napukuta kumaso. "Ine ndinadya ndekha monga mwa mwambo, ndipo palibe anandidzudzula. Inu mwaswa mwambo chifukwa cha ine. Tsono ndani achitire mnzake nsanje apa?"

A Mackson anatola chidebe.

"Komabe inu munalawa," anatero.

Masana amenewo anatsikira m'dzenje, nalavulira m'manja, nagwira macheka. A Filipo ali pamwamba anawaona akuyang'ana m'mwamba kamodzi, kenaka n'kutsinzina. Thabwa limene linatuluka kapitawo analiyeza ndi diso, nangokhosomola n'kupita. Za tiyi sizinatchulidwenso.

Kumudzi nkhani ya a Mackson sinalandiridwe ngati ya alamu awo. Ena ankati a Ndionekaye apeka zawo kuti alingane ndi mnzawo. Ena ankati a Filipo ndiwo anaika nthochizo, ngakhale sankatha kufotokoza mmene anazichotsera. Chipanda choyamba chinapitirira kupita kwa a Filipo, ndipo a Mackson ankachiperekeza ndi maso mpaka chifike. Wina akawafunsa ngati zakuphirizo zilipodi, ankayankha mwachidule: "Ndinaziona, ndinazigwira, mboni ndilibe."

Anachekera limodzi mpaka mphamvu zinatha. Chitseko cha tchalitchi chathu ndi cha matabwa awo, ndipo nyengo ya mvula chimanunkhirabe. Pa ukalamba maso a a Mackson anachita khungu, ena ankati ndi utuchi uja. Lamulungu lililonse tinkawaona akudutsa m'kanjira ka m'minda ya tiyi, a Filipo patsogolo atagwira nsonga ya ndodo, a Mackson pambuyo atagwira nsonga inayo.

"Mwala apa, alamu."

Iwo n'kukweza phazi, osafunsa. Akayenda pang'ono, mawu ankachokera kumbuyo:

"Koma zija, alamu, zinali zotsekemera?"

"Zosaneneka."

"Hm," ankatero a Mackson, n'kuikoka ndodoyo pang'ono, mwadala.