Giyabokosi ya alamu anga

Ife amakaniko a ku Biwi tili ndi sikelo yathuyathu, ndiyo dzanja. Munthu akabwera ndi chitsulo cha galimoto, makaniko amachiponya m'mwamba pang'ono n'kuchiwakha. Chikalemera, ndiye kuti n'chenicheni. Chikapepuka, timamubwezera mwiniwake kuti akachite nacho manyazi kwina. Ine ndakulira m'galaja ndi lamulo limeneli, ndipo sindinkaganiza kuti lingandinamize.

Alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, anali makaniko ku usilikali. Atapuma ntchito anakhazikika ku Kawale, koma manja awo anakana kupuma. Pamene anali kunja pa ntchito yosungitsa mtendere anaonako bwato loyenda pa mpweya, lomwe limadzipopera mphepo pansi n'kumatsetsereka pamadzi, pamatope ndi pamtunda pomwe. Chinthucho chinawalowa m'mutu. Ankati likanakhalapo laling'ono lotere, asilikali akanamafika msanga kwa anthu otsekeredwa ndi madzi osefukira. Choncho anandipempha kangodya kuseri kwa galaja yanga, n'kuyamba kulipanga ndi mapulaiwudi, tenti yakale ndi injini ya njinga yamoto.

Mtima wa ntchito yonse unali giyabokosi, kabokosi ka magiya kotengera mphamvu ya injini kupita ku chikupizo chopopera mphepo. Miyezi yambiri inathera pa kameneko. Ankajambula magiya m'kope la ana asukulu, kufufuta, kujambulanso. Giya iliyonse ankaiboola timabowo mozungulira kuti achotse chitsulo chosagwira ntchito, kenako ankapita nayo kwa mayi wina wogulitsa nyemba kukaiyeza pa sikelo. Chikuto chake anakaumbitsa ku Mgona, kwa anthu oumba mapoto, atasungunula mapisitoni a injini zakale. Petulo ankamuyeza m'kabotolo ngati mankhwala a mwana, kuti aone kuti injini imwa wochuluka bwanji pa mphindi khumi. Sindinaonepo munthu woleza mtima ndi chitsulo ngati iwo, ndipo ndinkawasirira, ngakhale pakamwa panga pankatuluka zowaseka.

"Alamu, mukupanga giyabokosi kapena sefa?" ndinkatero.

"Kulemera kulikonse kumamwa mafuta, alamu," ankayankha osakweza mutu. "Chitsulo chimene sichikugwira ntchito ndi mlendo wongodya."

Kenako kunabwera uthenga. Bwana wawo wakale, yemwe mawu ake ankamvekabe kwa akuluakulu, anavomera kudzaona bwatolo Loweruka lina. Likanyamuka pamaso pake, akalilankhulira kuti likayesedwe bwinobwino. Mwayi unali umodzi womwewo, ndipo tonse tinkadziwa.

Sabata imeneyo kunagwa maliro ku Dedza ndipo alamu anapita. Lachinayi ndinatsegula chivundikiro cha kumbuyo kwa bwatolo kuti ndingosuzumira. Ndinamasula giyabokosi ija, n'kuiponya m'mwamba monga mwa chizolowezi. Inali yopepuka ngati poto wopanda kanthu, yonyezimira bwino. Mumtima ndinati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinaona kale m'maganizo mwanga ikuphwasuka pamaso pa mlendo, alamu anga atasanduka choseketsa cha Biwi yense. Ndinawamvera chisoni, n'kuganiza zowathandiza mwakachetechete. Ndinadula chitsulo chochindikala cha tchesisi ya lole, n'kuwotcherera chikhola cholimba chozungulira giyabokosiyo, pansi ndi m'mbali. Nditayesa kunyamula, dzanja langa linavomereza. Ndinaimangirira pamalo pake, n'kubwezeretsa chivundikiro ndili wokhutira kwambiri.

Loweruka alamu anafika mochedwa, atatsika basi ya ku Dedza, ndipo mlendo anali atakhala kale pa benchi. Panalibe nthawi yotsegula chilichonse. Amakaniko anzanga anasiya ntchito n'kuzungulira. Injini inalira, tenti yapansi inafufuma, kutsogolo kunadzuka bwinobwino. Kumbuyo kunakana. Bwato linangoima chopendekeka, mphepo yonse ikuthawira kutsogolo n'kumatithira fumbi m'maso. Alamu anawonjezera moto, koma linangokwekwereza thako pansi mpaka petulo wa m'kabotolo anatha. Mlendo anaimirira, anasasa fumbi pa buluku, anawagwira alamu paphewa mwaulemu n'kunena kuti ayesetsa. Anthu anabalalika akusekera m'manja.

Alamu anatsegula chivundikiro. Anayang'ana chikhola chija nthawi yaitali, chala chawo chikutsata mzere wa kuwotcherera. Dzanja langa ankalidziwa, chifukwa ndimawotcherera mokhuthala.

"Ndimafuna ilimbe, alamu," ndinatero. "Inali yopepuka kwambiri."

Sanakalipe, ndipo mwina zikanandipepukira akanakalipa. Anangoti, "Giyabokosi mwailemeretsa, alamu, koma ine mwandipeputsa."

Mawu amenewo anandilasa. Miyezi yonse ija ndinkawaona akuyeza giya iliyonse, koma ndinakhulupirira dzanja langa kuposa mutu wawo. Anandifotokozera modekha, ngati palibe chachitika, kuti bwato lotere limakhala pa mphepo ngati lichero pa mutu. Mbali imodzi ikalemera, mphepo imathawira mbali inayo. Kenako anandipatsa chopukusira kuti ndichotse ndekha zimene ndinaika.

Lolemba m'mawa, anthu asanachuluke, analiza injini. Anandiuza kuti ndikwere.

"Khalani pakati penipeni. Paja inu ndinu olemera, ndiye kuti ndinu enieni."

Ndinakhala. Pansi panga panafewa, ndipo ndinamva thupi langa lonse likunyamuka. Alamu anakankha bwatolo ndi zala ziwiri, ndipo linatsetsereka kudutsa bwalo la galaja, pamwamba pa matope ndi mafuta otayika, osagunda kanthu. Kagiyabokosi kaja kankangong'ung'udza kumbuyo kwanga mosadandaula. Petulo anatsalako m'kabotolo. Ndinkafuna kuseka, koma m'maso munadzaza misozi, chifukwa amene ankayenera kuona zimenezi sanali ine.

Mlendo uja sanabwerenso. Alamu anamutumizira uthenga kawiri, kenako anasiya, ndipo sanamuuze kuti wolakwa anali ndani. Ngakhale mlongo wawo, mkazi wanga, anamva nkhaniyi kwa ine. Bwatolo lili kuseri kwa galaja mpaka lero, lofundika tenti, ndipo alamu ayamba kujambula giyabokosi ina yopepuka kuposa yoyamba. Akamaliza giya amandipatsira dala kuti ndiigwire. Ndimailandira ndi manja awiri, ndipo sindiiponyanso m'mwamba.