Masese a Mayi Enala

Ine sindiyamikira munthu wamba. Ndaona ambiri oyera Lamulungu, pofika Lolemba asanduka ena. Koma za Mayi Enala Chisale ndilemba, ngakhale sukulu ndinailekera panjira.

Anabadwira pa famu ina kufupi ndi Gweru, makolo awo ochokera ku Dedza. Anabatizidwa ali mtsikana, nakwatiwa ndi a Yosiya, mnzanga wa mumgodi ku Gaika. Fumbi litawadya a Yosiya m'chifuwa, mayiwa analera ana okha, akutsuka makapu pa hotela ina ku Kwekwe.

Kumeneko ankatola khofi wotsala akasefa, amene ena ankataya. Ankamuyanika padzuwa, kusakaniza ndi masamba owola, n'kuwaza pabwalo la tchalitchi chathu, pomwe dothi linali gwa ngati njerwa. Ankati, "Pang'ono pokha. Mukaunjika amauma pamwamba, madzi salowa." Maluwa a m'tchalitchi ndi repu wopatsa odwala zinachokera pamenepo.

Chinavuta ndi dzina. Iwo ankati masese, monga makolo awo ankatchulira zotsalira pansi. Kuno masese ndi mowa. Kuwonjezera apo, ankanyamulira m'chigubu chakale cha mowa chimene anatola. Miseche inayenda mpaka akulu ampingo anawaitana, cholinga awavule bulauzi ya Chigwirizano, chovala chokhacho chimene ankanyadira.

A Nehemiya, mkulu wa mpingo, anafunsa, "Mayi, n'zoona mumanyamula masese?"

"Tsiku lililonse, abambo."

"Mpaka kutchalitchi kuno?"

"Makamaka kuno. Maluwa amawakonda."

Mayi Enala anatsegula chigubu n'kuwapatsira. A Nehemiya ananunkhiza, n'kufuula, "Aa, uyu ndi khofi, mhani!"

"Lawani, abambo," anatero mayiwo. "Mukaledzera, bulauzi ndivula ndekha."

Palibe anapepesa, ndi mmodzi yemwe. Ndikanakhala ine, ndikanatuluka mumpingo tsiku lomwelo. Iwo m'mawa mwake anali pabwalo, akuthirira, akuimba. Anapitiriza choncho mpaka mawondo atakana, ndipo anaphunzitsa aliyense wofuna, ngakhale owanena aja.

Anamwalira mwezi watha masana, atangopemphera ndi adzukulu awo, mwakachetechete ngati wogona. Tinawaika atavala bulauzi yawo. Amiseche aja ndiwo anali patsogolo, manja odzaza maluwa amene sanabzale. Ndinawaona onse, mayina awo ndikuwadziwa. Koma Mayi Enala sakanalola kuti ndiwalembe pano, choncho ndawasiya.